Kalata Imene Ndinayamba ndi Moni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse kumene muli. Mwadzuka bwanji, nanga kunyumba ali bwanji? Ndayamba dala ndi moni, ngakhale kuti moni yemweyu ndi amene anandionetsa zakuda m'nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi. Dzina langa ndine Benedito, kalaliki wa pa kachipatala kena ka mishoni kuseri kwa Fort Lister, mukangotsika mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Ndikulemba umboni uwu chifukwa ntchito imeneyi, imene imadyetsa mkazi wanga ndi ana atatu, inatsala pang'ono kundithera. Kwa milungu isanu ndinkayenda, ndinkapuma, koma m'kati ndinali nditafa kale.

Ine ndine mwana wa mlimi. Agogo anga anachokera ku Mozambiki atasenza mphasa pamutu, ndipo kwathu tinkayankhula Chilomwe. Chichewa ndinachitola pobwera, kusukulu ndi kumsika wa ku Chiringa. Chizungu ndiye musanene, ndinalekezera fomu thuu, ndipo chimene ndinatulukako nacho n'chongokwanira kulemba dzina la wodwala ndi kuyankha bwana kuti inde. Ndi Chizungu chimenecho ndinagwira ntchito zaka zingapo popanda wondidandaula, mpaka pamene kompyuta inafika.

Anabwera nayo ndi mzungu wina wodzipereka amene anakhala nafe chaka chimodzi, nthawi ija mafoni a m'manja atangoyamba kuoneka kuboma. Anaikamo pulogalamu yosungira mayina a odwala, ndipo anandifotokozera kuti pulogalamuyo sigulitsidwa. Amaipanga ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense ali kwawo, ndipo aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito ndi kuikonza. Ine ndinaimva ngati chitsime cha m'mudzi, chimene aliyense amatungapo ndipo amene ali ndi mphamvu amafukula. Pochoka anandilembera adiresi ya imelo pachikuto cha kope langa, nati ndikadzavutika ndidzalembe kalata kumeneko, anthu ake ndi abwino.

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa, lomwe ndi matama. Nditazolowera kompyuta ija ndinayamba kudziona ngati dokotala. Odwala chifuwa chachikulu tinkawalemba m'buku lalikulu: dzina, mudzi, tsiku loyamba mankhwala ndi tsiku lodzatenga ena. Amene wadumphitsa tinkamulondola panjinga, chifukwa matenda amenewa ukasiyira panjira amabwerera ndi ukali. Ine ndinauza anamwino kuti asamavutikenso ndi bukulo, zonse ndizisunga m'makina. Bukulo linaponyedwa m'chipinda chosungira katundu, ndipo chiswe sichinadikire kuitanidwa.

Tsiku lina masana, mvula itachita mdima kwa masiku atatu, mabatire a sola anatha mphamvu ndili m'kati molemba. Makina anazima. Dzuwa litabwerera ndinayatsa, koma pulogalamu inakana kutsekula. Inangoonetsa mizere inayi ya Chizungu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndinakopera mizereyo m'kope langa chilembo ndi chilembo, n'kuifufuza m'dikishonale, koma theka la mawuwo munalibemo. Tinathamangira buku lija, tinapeza chikuto chokha ndi dothi. Mayina onse a odwala chifuwa anali atatsekeredwa m'bokosi limene ine ndekha ndinalitamanda.

Mkulu wa chipatala chathu ndi a Gondwe, munthu wa ku Rumphi, wosachulutsa mawu. Sanandikalipire. Anangoima pakhomo la ofesi n'kunena kuti akuluakulu a zaumoyo ochokera kuboma abwera pakatha milungu isanu kudzaona kaundula wa odwala chifuwa. "A Benedito, mayinawo akadzakhala asanabwerere, makiyi mudzasiye patebulo," anatero. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundipatsa moni. M'mawa ankadutsa pawindo langa ngati akudutsa mtengo, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandimenya mbama.

Ndinakumbukira adiresi ija. Koma intaneti kwathu kunalibe, ngakhale kuboma la Phalombe sindinkadziwa pomwe ndingaipeze. Ndinkayenera kukankha njinga kukwera mpata wa Fort Lister, kutsikira kuboma, kusiya njingayo kwa msuweni wanga, n'kukwera matola mpaka ku Chitakale, kumene mayi wina anali ndi kasitolo ka makompyuta atatu olipira. Ulendo umodzi unkadya tsiku lathunthu, ndipo ndinkatha kupita Loweruka lokha.

Kalata yanga ndinailemba masiku atatu, dikishonale ili pambali. Ndinailemba mmene makolo anatiphunzitsira kufikira anthu aulemu. Kwathu suyamba ndi vuto lako ngati wabwera kudzapala moto. Umakhala pansi, umafunsa za moyo, umadzidziwitsa kuti ndiwe mwana wa yani, kenako nkhani imabwera yokha. Choncho ndinawapatsa moni mabwanawo, ndinafunsa za mabanja awo, ndinawauza kuti kuno mvula yagwa bwino ndipo chimanga chamasula, ndinafunsa ngati kwawoko yagwanso. Ndinatchula dzina langa ndi la bambo anga, ndinathokoza ntchito yawo, ndinapepesa powasokoneza. Kumapeto kwenikweni ndinalemba mzere umodzi wakuti kompyuta yathu yadwala, chonde atithandize. Mizere inayi ija sindinaiikemo. Ndinaganiza kuti n'chipongwe kuuza mmisiri mmene chinthu chake chathyokera, ngati kuti iye sadziwa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti adiresi ija sinali ya munthu mmodzi. Linali bwalo la makalata, pamene kalata imodzi imafika kwa anthu mazana nthawi imodzi. Nkhani ya chimanga changa inawerengedwa m'mayiko amene sindingathe ngakhale kuwatchula.

Loweruka lotsatira ndinapeza mayankho anayi. Woyamba anali ndi mzere umodzi, wakuti ndikawerenge buku la malangizo. Wachiwiri anati bwaloli si locheza za mvula, ngati ndili ndi funso ndifunse, ngati ndilibe ndisawatayitse nthawi. Wachitatu anati ndiyambe ndaphunzira Chizungu, chifukwa iye wawerenga kawiri koma sakumva chimene ndikufuna. Wachinayi ndi amene anandilasa pamtima. Anachenjeza anzake kuti asandiyankhe, chifukwa makalata oyamba ndi ulemu wambiri chonchi ochokera ku Afirika amakhala a akuba ofuna kubera anthu ndalama. Ndinawerenga mawu amenewo katatu kuti mwina Chizungu changa chandinamiza, koma nthawi imeneyo chinandiuza zoona. Mayi wa kasitolo uja anali kumbuyo kwanga, ndipo anayang'ana kumbali mondimvera chisoni.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phula ndinadyabe. Ndipo onani kupusa kwanga: poti kwathu wamkulu akakudzudzula umapepesa, ndinalemba pomwepo kalata ina yopepesa, yaitali kuposa yoyamba. Ndinalumbira kuti sindine wakuba, ndinatchula mpingo wanga ndi dzina la mkazi wanga, ndinapempha kuti andikhululukire ngati mwana wawo. Mizere inayi ija ndinaiiwalanso. Sabata yotsatira ndinapeza yankho limodzi lokha, londipempha kuti ndileke kudzaza mabokosi a anthu ndi zinthu zopanda mutu.

Abale, kuyambira pamenepo ndinalowa mumdima umene sindiufunira munthu. Kuchipatala odwala ankabwera n'kukhala pakhonde, akutsokomola, ndipo anamwino ankawafunsa kuti munayamba liti mankhwala. Ena ankakumbukira, ena ankati ndi nthawi ija tinkapalira, ena ankangoyang'ana ine, poti ndine amene ndinkawauza masiku awo. Panali bambo wina wamtali, wovala chipewa chaubweya ngakhale kukutentha, amene anasiya kubwera. Tonse tinkaikumbukira nkhope yake, koma palibe ankakumbukira bwino dzina kapena mudzi wake, kupatula kuti ndi wa chakumalire. Tsiku lililonse ndinkayang'ana pageti kuti mwina ndiona chipewa chija, ndipo tsiku lililonse ndinkadziwa kuti akafa, wamupha ndi ine.

Ndinasiya kudya bwino. Lamba ndinaboola kawiri. Kumapemphero a kumphakati ndinasiya kupita, chifukwa ndinkaona ngati aliyense akudziwa kuti azungu a m'mayiko onse anditcha wakuba. Ana anga akandifunsa mawu a Chizungu a kusukulu ndinkawakalipira popanda chifukwa. Ndinaganiza zothawira kwa abale ku Mozambiki, ndinaganiza zokafunsa ntchito yothyola tiyi, ndinaganizanso zina zimene sindingazilembe pano. Ndipo Mulungu ndinamukwiyira, sindibisa. Ndinkamufunsa kuti anandipatsiranji zilankhulo zitatu ngati palibe ndi chimodzi chomwe chondipulumutsa. Loweruka lachinayi sindinapite n'komwe ku Chitakale. Ndinangokhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kumayang'ana nyerere.

Mkazi wanga, amake Rozina, sanapite patali ndi sukulu ndipo kompyuta amangoiona ngati wailesi ya kanema yosalankhula. Koma Lachisanu la sabata yomaliza anagulitsa nandolo amene tinasunga, n'kundipatsa ndalama yoyendera m'manja.

"Abambo ake a Rozina, mawa mupitenso," anatero.

Ndinamuyankha kuti kumeneko anandithamangitsa ngati galu, ndipo sindingakabwererenso.

"Paja munati pabwalopo pali anthu mazana. Amene anakutukwanani ndi angati?"

Ndinati asanu.

"Nanga enawo mwawamva? Munthu sumasamuka m'mudzi chifukwa nyumba zisanu zakukana madzi akumwa."

Ndinapita, osati chifukwa cha chikhulupiriro, koma chifukwa chochita manyazi ndi nandolo uja. Nditafika pamwamba pa mpata ndinali nditatheratu. Ndinatsamiritsa njinga, n'kukhala pa khoma lina logumuka la linga lakale la Fort Lister, dzuwa likuswa mutu. Pamenepo ndinapemphera pemphero lopanda ulemu kuposa onse amene ndinapempherapo. Sindinayambe ndi moni. Ndinangoti, Ambuye, ndatopa. Inu mumamva Chilomwe, mumamva Chichewa, mumamva ngakhale kubuula kwa wodwala amene sangathe kuyankhula. Ndipatseni munthu mmodzi yekha amene amve Chizungu changa chothyokachi. Sindinamve mawu kapena kuona chizindikiro chilichonse. Ndinadzuka n'kupitiriza ulendo, mtima uli wolemera monga kale.

Ndinafika ku Chitakale dzuwa litapendeka pang'ono. M'bokosi langa munali kalata imodzi, imene inali itakhala pamenepo masiku khumi ikundidikira. Inachokera kwa mayi wina wa ku Brazil dzina lake Lusiya. Ndinaitsekula ndikuyembekeza chipongwe china. Mzere woyamba unali wakuti: moni a Benedito, ine ndili bwino, banja langa lili bwino, zikomo pofunsa. Wachiwiri unali wakuti kwawoko mvula yachuluka mpaka denga lake likudontha, ndipo wakondwa kumva kuti chimanga changa chamasula. Kenako anafunsa kuti mkazi wanga ali bwanji.

Ndinalira pamaso pa anthu, ine bambo wa ana atatu. Vuto langa linali lisanathe, makina anali akadali otseka, koma munthu wina kutsidya la nyanja anali atayankha moni wanga.

Kalata yake inali ya mawu afupiafupi, osavuta, ngati akudziwa pamene Chizungu changa chimathera. Anati nayenso Chizungu n'chobwereka, kwawo amayankhula Chipwitikizi, ndipo kalata yake yoyamba pabwalolo anthu anaiseka. Anandifotokozera kuti anthu aja amagwira ntchitoyi mwaulere akaweruka kuntchito zawo, amalandira makalata ambirimbiri, ndipo mwambo wawo ndi wakuti ulemu ndi kunena vuto msanga kuti mnzako asataye nthawi. Anati zimenezo sizikuwapatsa ufulu wonditukwana, koma ndidziwe kuti pabwalopo vuto limayamba, moni amatsatira. Ndipo anandipempha chinthu chimodzi: ndimulembere ndendende mawu amene makina akuonetsa, ngakhale ndisakuwamva.

Kope lija linali m'thumba langa masabata onsewa. Ndinakopera mizere inayi ija ndi chala chimodzi, n'kutumiza. Ndinkaganiza kuti yankho ndilipeza sabata ina, pamene makiyi adzakhala ali kale patebulo. Koma kwawoko kunali kukucha kumene, ndipo mayi Lusiya anali atangokhala pa makina ake. Ndisanadzuke pampando, yankho linafika. Anati mayina sanafufutike. Magetsi atazima mwadzidzidzi pulogalamu inasiya chitseko chake chokhoma, ndipo ikuopa kutsekula poganiza kuti wina akadali m'katimo. Anandilembera zochita zitatu, choyamba kukopera zonse pakafulashi, kachipangizo kosungira za m'kompyuta, kuti ndikalakwitsa pasatayike kanthu. Ndinalemba m'kope, iye anandiuza kuti ndimutumizirenso zimene ndalembazo, ndipo anandikonza pamalo amodzi pamene ndinadumpha.

Ndisanatuluke ndinaona kuti analembanso kalata ina pabwalo la onse. Anawauza kuti munthu uyu akulemba m'chilankhulo chake chachitatu pofuna kupulumutsa odwala, ndipo anafunsa kuti pakati pawo ndani angathe kulemba mzere umodzi m'Chilomwe, chilankhulo changa choyamba. Anati ngati pulogalamuyo ndi ya aliyense, ndiye kuti bwalonso ndi la aliyense, ngakhale amene amabwera ndi Chizungu chotsimphina. Bambo uja amene ananditcha wakuba anayankha ndi mawu awiri okha opepesa. Kupepesa kwake kunali kouma ngati chikonyo, koma ndinakulandira. Ena anayi aja sanayankhe, mpaka lero.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kuofesi ndekha. Ndinachita zitatu zija mmene zinalembedwera. Nditadina batani lomaliza makina anakhala chete kanthawi, kenako mayina anayamba kutsika, limodzi ndi limodzi, aliyense ndi mudzi wake ndi tsiku lake. Ndinagwada pasimenti pomwepo.

Lolemba a Gondwe anabwera, anakhala pampando wanga, anawerenga mayina onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Atafika pa dzina lina anaima n'kuloza ndi cholembera. Linali la munthu wa chakumalire amene tsiku lake lodzatenga mankhwala linali litadutsa kale, ndipo nditaliona ndinakumbukira kuti anali bambo wa chipewa uja. Tsiku lomwelo ndinapalasa njinga kupita kumudzi kwake. Ndinamupeza ali moyo, koma atagona pamphasa, atatha ngati nkhuni, ndipo mankhwala anayenera kuyambiranso pachiyambi. Miyezi imene anavutika kumwa mapiritsi inapita pachabe chifukwa cha matama anga ndi manyazi anga. Mkazi wake anandiyalira mkeka n'kundifunsa za kunyumba, osadziwa kuti amene wakhala pamkekayo ndi amene anachedwetsa zonse. Pa zimenezi sindinachire mpaka pano, ndipo sindikufuna kuti muganize kuti nkhaniyi inatha mokoma ponseponse.

Akuluakulu a kuboma anabwera Lachitatu, anaona kaundula, anasaina n'kupita. Za makiyi palibe anatchulanso. Lachinayi m'mawa ndikusesa mu ofesi ndinamva nsapato za a Gondwe zikubwera, ndipo ndinaweramitsa mutu monga ndinali nditazolowera. Nsapatozo zinaima pawindo.

"Mwadzuka bwanji, a Benedito? Nanga amake Rozina ndi ana?"

Ndinaweramuka, tsache lili m'manja. Iwo anadikira, sanachoke, mpaka ndinakwanitsa kunena kuti tadzuka bwino, kaya iwo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya pakhoma logumuka, ndipo anali atayankha kale masiku khumi ndisanapemphe. Ndikuthokoza mkazi wanga ndi nandolo wake. Ndikuthokoza mayi Lusiya, amene nkhope yake sindinaione ndipo mwina sindidzaiona pansi pano. Anandifunsa mmene timaperekera moni wa m'mawa m'Chilomwe, ndipo makalata ake onse tsopano amayamba ndi mawu akuti moseliwa. Kuchipatala tinagula buku lina lalikulu, ndipo ndimalembamo ndekha tsiku lililonse, kompyuta ili apo.

Inu amene muli m'mayesero, kaya ndi a mtundu wanji, musaweruze mudzi wonse ndi makomo asanu amene akutsekerani. Ine ndinakhala sabata yathunthu pansi pa mango ndikulira, chipulumutso chili m'bokosi kundidikira, ndipo sabata imeneyo anailipira ndi munthu wodwala. Pitaninso, ngakhale mulibe chikhulupiriro chokwanira, ngakhale mukungopita chifukwa cha manyazi. Ndipo inu amene Mulungu anakupatsani Chizungu chosalala ndi nzeru za makina, akakufikirani munthu ndi mawu okhotakhota, akuyamba ndi mvula ndi chimanga, dziwani kuti mwina wakankha njinga kukwera phiri kuti alembe mawu amenewo. Muuzeni mwambo wanu, mufunseni chimene makina akunena, koma choyamba muyankheni moni wake. Ambuye akusungeni nonse.